Nkhope ya pulogalamu: tisankhe zida zakale kapena zatsopano?

Mu 2011, pa chipatala chachikulu cha boma la Balaka panayambika ntchito yomwe lero ikudziwika m'dziko muno ndi dzina loti Chipatala cha pa Foni. Mayi woyembekezera, kapena yemwe mwana wake watentha thupi, ankaimba foni mwaulere ndipo ankayankhidwa ndi mlangizi wa zaumoyo. Patsogolo pa mlangiziyo pankakhala galasi la kompyuta logwira ntchito polikhudza ndi chala. Pulogalamu ya m'kompyutamo inkamutsogolera funso ndi funso: akamva yankho la mayi uja n'kugunda batani, funso lotsatira linkatulukira.

Ntchitoyi inkayendetsedwa ndi bungwe la VillageReach mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo komanso Concern Worldwide, pomwe pulogalamuyo inalembedwa ndi bungwe la Baobab Health Trust la ku Lilongwe. Ganizo lake linachokera pa mpikisano womwe unachitika mu 2010, ndipo mmodzi mwa omwe anapambana anali Soyapi Mumba, katswiri wolemba mapulogalamu ku Baobab komweko.

Amayi a m'midzi ya kwa T/A Nsamala omwe ankaimba foni sanalionepo galasilo. Komatu kukula kwa batani, kuwerengeka kwa zilembo ndi changu cha kompyuta posintha tsamba zinali ndi gawo pa thandizo lomwe ankalandira. Batani likachepetsetsa, chala chimagunda loyandikana nalo, ndipo "inde" amasanduka "ayi". Kompyuta ikamazengereza, mayi yemwe wabwereka foni kwa mnansi, batire lili pafupi kutha, amadula nkhani isanathe.

Zonsezi zimabwerera pa chisankho chimodzi chomwe wolemba pulogalamu amapanga ntchito isanayambe: kodi nkhope ya pulogalamuyi aimangira zida ziti? Zakale zomwe zayesedwa kwa zaka 20, kapena zatsopano zomwe zikutchuka lero? Funsoli limamveka ngati la akatswiri okhaokha, koma zotsatira zake zimagwera mphunzitsi wamkulu, mlembi wa kopaletivi, wogwira ntchito ku khonsolo ndi aliyense wogulira ofesi yake pulogalamu.

Zikombole za wolemba mapulogalamu

Pulogalamu iliyonse ya pakompyuta ili ndi mbali ziwiri. M'kati muli kaundula ndi masamu: maina a odwala, ndalama za mamembala, malikisi a ophunzira. Kunja kuli nkhope, kutanthauza zonse zomwe maso amaona ndi zomwe dzanja limakhudza: mazenera, mabatani, timabokosi tolembamo, mindandanda, mapu ndi zithunzi.

Wolemba pulogalamu sajambula yekha batani lililonse, monganso womanga nyumba saumba njerwa popanda chikombole. Iye amatenga bokosi la zida zopangidwa kale, lomwe akatswiri amalitcha toolkit. M'bokosimo muli chikombole cha batani, cha kabokosi kolembamo ndi cha mndandanda, pamodzi ndi malamulo a momwe zinthuzi zizijambulidwira pagalasi komanso momwe ziziyankhira munthu akazikhudza.

Chovuta n'chakuti njerwa za chikombole china sizilumikizana bwino ndi za chinzake. Pulogalamu ikamangidwa pa bokosi limodzi, kuisamutsira pa lina kumafuna kugwetsa khoma lonse lakumaso n'kuyambanso pa maziko. N'chifukwa chake chisankho cha tsiku loyamba chimamanga ofesi kwa zaka 10 kapena kuposera apo.

Momwe chithunzi chimafikira pagalasi

Kuti timvetse kusiyana kwa zida zakale ndi zatsopano, tiyambe taona chomwe galasi la kompyuta lili. Ilo ndi mkeka wa timadontho towala. Laputopu wamba, mwa zomwe zimagulitsidwa zogwiritsidwapo kale ntchito ku Limbe ndi ku Lilongwe, imakhala ndi timadontho 1,366 chopingasa ndi 768 chotsika, tonse pamodzi 1,049,088. Galasi lamakono la 4K lili ndi timadontho 8,294,400. Pa magalasi ambiri, chithunzi chimatsitsimutsidwa ka 60 pa sekondi imodzi. Payenera kukhala chinthu chouza kadontho kalikonse mtundu woti kaonetse.

Zida zakale zimagwira ntchito ngati wolemba zikwangwani yemwe ali ndi bulashi m'manja. Pulogalamu imalamula kuti lemba mzere kuchoka apa kufika apo, paka mtundu wobiriwira m'katimo, lemba mawu pamwamba pake. Chinthu chikasintha, mwachitsanzo nambala imodzi pa tebulo la ndalama, kompyuta imafufuta kachigawo komweko n'kujambulanso, kwina konse osakhudza. Ntchito yambiri imagwiridwa ndi purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta. Njirayi njosaboola m'thumba: siidya memore yambiri, ndipo imayenda pafupifupi pa makina aliwonse.

Zida zatsopano zimachita mosiyana. Pulogalamu siilamula mzere ndi mzere, koma imapereka mndandanda wa zinthu zoyenera kuoneka: pali batani apa, kukula kwake nkwakuti, kumbuyo kwake kuli mthunzi. Bokosi la zida limasunga mndandandawo n'kuutumiza ku kachipangizo kapadera kojambula zithunzi, kotchedwa GPU. Ngati purosesa ili ngati amisiri awiri kapena anayi odziwa ntchito iliyonse, GPU ili ngati dima: anthu mazanamazana m'munda umodzi, aliyense ndi mzere wake, ntchito yosavuta koma yogwiridwa nthawi imodzi.

Ubwino wa dima umaoneka pomwe munda wakula. Mapu a malo akamasunthidwa ndi chala, chithunzi cha X-ray chikamakulitsidwa, kapena mzere wosonyeza mitengo ya nandolo ya zaka zisanu ukamajambulidwa, GPU imathamanga popanda kudukiza. Zilembo nazo zimaoneka zakuthwa pa galasi lalikulu ndi laling'ono lomwe, kaamba koti zimapimidwa mwatsopano nthawi iliyonse.

Koma dima amafuna woitanira. GPU siigwira ntchito popanda kapulogalamu koiyendetsa, komwe amakatcha dalaiva. Pa kompyuta yakale, yomwe opanga ake anasiya kuitulutsira madalaiva, zida zatsopano zimabweza ntchito yonse kwa purosesa. Zikatero amisiri awiri aja amapatsidwa munda wa anthu mazana. Fani imayamba kulira, batire limatha msanga, ndipo munthu amagunda batani n'kumadikira.

Mibadwo ya zida ndi zomwe yatiphunzitsa

Makampani onse akuluakulu adutsa pamphambano imeneyi, ndipo mbiri yawo ikutsutsa maganizo oti chatsopano chimakwirira chakale nthawi zonse.

Pa chilankhulo cha Java, chomwe ophunzira ambiri a zamakompyuta m'sukulu zathu zaukachenjede amakumana nacho, bokosi lotchedwa Swing linakhazikika mu 1998. Mu 2008 kunabwera JavaFX, yogwiritsa ntchito GPU, ndipo inalengezedwa kuti ndiyo idzalowe m'malo mwa Swing. Zodabwitsa n'zakuti mu 2018, pomwe Java 11 inkatuluka, kampani ya Oracle inachotsa JavaFX mu phukusi lalikulu la Java n'kuisiya kuti izipezeka payokha, koma Swing inatsalamo. Mpaka lero Android Studio, pulogalamu yomwe achinyamata amalembera mapulogalamu a m'mafoni amakono, nkhope yake njomangidwa pa Swing yomweyo.

Ku Microsoft nkhani njofanana. Windows Forms inatuluka mu 2002, WPF yodalira GPU inatsatira mu 2006, kenaka Silverlight mu 2007. Mwa zitatuzi, yomwe inayamba kufa ndi yaing'ono pa zonse: Silverlight inasiya kusamalidwa mu Okutobala 2021, pomwe akulu ake awiri akadali moyo. Nayo Flash ya kampani ya Adobe, yomwe pa nthawi ina inali paliponse pa intaneti, inatsekedwa pa 31 Disembala 2020, ndipo mabungwe omwe anamangirapo mapulogalamu awo anayenera kulembetsa ena.

Bokosi la Qt, lomwe linabadwira ku Norway mu 1995, linasankha kusunga mibadwo yonse iwiri. Mu 2010 linawonjezera Qt Quick ya makono, koma zida zake zakale zotchedwa Qt Widgets zikupezekabe ngakhale mu Qt 6 ya mu 2020. QGIS, pulogalamu yaulere yojambulira mapu yomwe oyeza malo ndi a zankhalango amaikonda, imadalira zida zakalezo. Ngakhale zili choncho, pomwe QGIS 3 inkatuluka mu Febuluwale 2018 itasamukira pa Qt 5, timapulogalamu tambiri towonjezera tomwe anthu ankatidalira tinasiya kugwira ntchito kufikira eni ake atatilembanso.

Chitsanzo choonetsa bwino kulemera kwa msamuko ndi GIMP, pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi. Bokosi la GTK linapangidwa poyamba kuti litumikire GIMP yomweyo. GTK 3 inatuluka mu 2011 ndipo GTK 4 inatuluka mu Disembala 2020, koma GIMP inamaliza kusamukira pa GTK 3 mu Malichi 2025, patapita zaka 14. Ngati eni chikombole anatenga nthawi yotere, ofesi ya anthu asanu ku Balaka iyenera kuganiza kawiri munthu akaiuza kuti kusintha nkhope ndi ntchito ya sabata ziwiri.

Palinso m'badwo wina womwe wafala kwambiri masiku ano: kumanga nkhope ngati tsamba la pa intaneti n'kuikulunga kuti izioneka ngati pulogalamu ya pakompyuta. Chida chotchuka pa njirayi ndi Electron, chomwe chinayamba mu 2013, ndipo Visual Studio Code ndi Slack anamangidwa motero. Odziwa kulemba masamba a pa intaneti ngambiri, choncho amisiri savuta kupeza. Koma pulogalamu iliyonse yotere imanyamula m'mimba mwake injini yonse ya Chromium, yomwenso imayendetsa Google Chrome, ndipo imadya memore yochuluka isanagwire n'komwe ntchito.

Zomwe anachita a Baobab

Dziko la Malawi silinangokhala woonerera pa nkhaniyi. Mu 2001, katswiri wa makompyuta Gerry Douglas anayamba kuika makina olembetsera odwala ku mbali ya ana pa chipatala cha Lilongwe Central, chomwe lero ndi Kamuzu Central. Makina omwe anasankha anali otayidwa kale kwawo. Dzina lake ndi I-Opener, kakompyuta komwe kampani ya Netpliance ya ku America inatulutsa mu 1999 pa mtengo wa madola 99, malonda ake n'kugwa pasanathe nthawi. Kanali ndi galasi la mainchesi 10 ndi memore ya mamegabaiti 32, yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya foni yotsika mtengo ya lero.

A Baobab ankagula timakinati kwa omwe anatopa nato, n'kutiika galasi lomva kukhudza kwa chala. Zofooka zake zinasanduka mphamvu. Posakhala ndi mbali zozungulira m'kati, sitinkaopa fumbi kwenikweni. Posadya magetsi ambiri, tinkatha kuyenda pa mabatire magetsi akazima. Ndipo popeza patokha sitinkagwira ntchito ya kompyuta yapanyumba, mbala sizinkatisirira.

Panatsala funso la nkhope. Zida zotchuka za nthawiyo zinapangidwira munthu wokhala pa desiki, kiyibodi ndi mausi zili patsogolo. Namwino wa pachipatala cha boma ali ndi mzere wa odwala panja, ndipo ambiri pa nthawiyo anali asanagwirepo mausi. Choncho a Baobab anadzipangira bokosi lawolawo m'chilankhulo cha JavaScript, lotchedwa Touchscreen Toolkit, n'kulipereka mwaulere kwa aliyense. Ntchito yake inali kutenga fomu wamba ya pa intaneti n'kuisandutsa masamba a funso limodzilimodzi, okhala ndi mabatani akuluakulu ndi zilembo zogunda pagalasi pomwepo. Kaundula yense ankakhala pa kompyuta imodzi yamphamvu, seva, ndipo timakina tija tinkangoonetsa masamba kudzera mu Firefox. Pamapeto pake kamakina kosindikiza kankatulutsa kapepala komata pa buku la kuchipatala la wodwala.

Boma litayamba kupereka mwaulere mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV mu 2004, chiwerengero cha olandira chinakwera mofulumira kuposa momwe mabuku a pamanja akanathera kutsatira. Mu Epulo 2006, pulogalamu ya Baobab yotsatira olandira mankhwalawa inayamba kugwira ntchito pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo pofika mu Malichi 2010 inali italembetsa odwala oposa 40,000 pa malo 6. Luso lomwelo ndilo linafika ku Balaka mu 2011 kudzatumikira Chipatala cha pa Foni.

Nalonso bokosi la Baobab linakalamba. Mu 2019 udindo wosamala makina a kaundula wa odwala unapita m'manja mwa bungwe la Elizabeth Glaser Pediatric AIDS Foundation, ndi thandizo la boma la America kudzera ku CDC. Nkhope yatsopano inamangidwa pa zida zamakono zotchedwa Vue ndi Ionic, zomwe zimayenda pakompyuta ndi pa tabuleti pomwe. Chofunika kuchiona apa n'chomwe sichinasinthe. Mbiri ya odwala inali yosungidwa padera, m'kaundula wotsatira kapangidwe ka OpenMRS komwe maiko ambiri amagwiritsa ntchito. Kaamba ka ichi, zinatheka kusintha khoma lakumaso popanda kugumula nkhokwe.

Pomwe zakale zimalephera

Tisanamizane, kukakamira zakale kuli ndi mtengo wake, ndipo chitsanzo choyamba chili m'chilankhulo chathu chomwe. Chilembo cha ŵ, chija chili m'dzina loti Malaŵi, sichipezeka pa mndandanda wakale wa zilembo za Windows za kumadzulo kwa Ulaya. Mabatani ndi timabokosi ta Visual Basic 6, chida cha mu 1998 chomwe chinalembera mapulogalamu ambiri a m'masitolo ndi m'maofesi, timadalira mndandanda wakalewo, choncho ŵ amatuluka ngati w wamba kapena ngati chizindikiro cha funso. M'Chichewa cha m'nyuzipepala ambiri anazolowera kumusiya, koma m'Chiyao, chomwe chimalankhulidwa kwambiri ku Balaka ndi ku Machinga, chilembochi chili m'mawu a tsiku ndi tsiku monga ŵandu, kutanthauza anthu. Zida zonse zamakono zimatsatira Unicode ndipo sizivutika nacho.

Chachiwiri ndi maso ndi zala. Mapulogalamu ambiri akale anapimidwa powerenga timadontho, ndiye akaikidwa pa galasi la timadontho tothithikana, zilembo zimachepa ngati nyerere kapena zimaoneka zachimbuuzi. Mabatani ake anapangidwira kamuvi ka mausi, pomwe chala chimafuna malo okulirapo. Malangizo a Google kwa opanga mapulogalamu a m'mafoni amati malo ogunda asachepere mamilimita pafupifupi 9.

Chachitatu ndi chitetezo. Bokosi likasiya kusamalidwa, ming'alu yomwe akuba a pa intaneti atulukira siimatidwanso. Qt 4 inasiyidwa kumapeto kwa 2015, ndipo GTK 2 inalengezedwa kuti yafika pamapeto mu Disembala 2020. Kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act, lomwe likupereka udindo kwa aliyense wosunga mbiri ya anthu kuti aziiteteza. Choncho pali kusiyana kwakukulu pakati pa chida chakale chomwe chikusamalidwabe, monga Swing, Windows Forms ndi Qt Widgets, ndi chida chakale chomwe eni ake anachitaya. Choyambacho ndi nkhalamba yamphamvu, chachiwiricho ndi nyumba yopanda chitseko.

Chomaliza ndi amisiri. Achinyamata omwe akutuluka ku MUBAS, MUST, Mzuzu University ndi University of Malawi akukulira pa zida za m'badwo uno. Pulogalamu yomwe munthu mmodzi yekha amaidziwa imagona tsiku lomwe iye wapeza ntchito ku Johannesburg.

Pomwe zatsopano zimalephera

Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pulogalamu imaonetsedwa kwa ogula pa laputopu yatsopano ya wolembayo, m'chipinda chozizira cha hotela mumzinda. Kokagwira ntchito kumakhala kwina: pa kompyuta ya mphatso yomwe inatha zaka 8 mu ofesi ya ku Ulaya isanakwere sitima, m'chipinda cha malata, mu Okutobala wa ku Balaka.

Nkhani ya makina akale yakula posachedwapa. Pa 14 Okutobala 2025, Microsoft inasiya kusamala Windows 10 mwa nthawi zonse. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya zaka zaposachedwa, zomwe makompyuta ambiri opangidwa chaka cha 2017 chisanafike alibe. Kugula ena si nkhani yamasewera m'dziko lomwe ndalama yakunja ikusowa, ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Njira yomwe yatsalira maofesi ambiri ndi kuika Linux pa makina omwewo. Apa bokosi la zida limaonetsa khalidwe lake: pulogalamu ya Swing, Qt, GTK kapena ya tsamba la pa intaneti imasamuka nawo, koma ya WPF imayenda pa Windows pokha.

Magetsi nawo ali ndi mawu. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Pomwe ofesi ikuyendera sola ndi batire, nkhope yodzaza ndi mithunzi ndi zinthu zouluka pagalasi imadya mphamvu yomwe ikanalembetsa anthu ena 20 dzuwa lisanalowe. Chimodzimodzinso intaneti: chida chomwe chimafuna kukopera mamegabaiti mazana mwezi ndi mwezi chimadyera ofesi ndalama ya bandulo.

Komanso zida zatsopano, makamaka za pa intaneti, zimakalamba msanga kuposa zakale. AngularJS ya Google inatuluka mu 2010 n'kusiya kusamalidwa kumapeto kwa 2021. Vue 2 inafika pamapeto pa 31 Disembala 2023. Wosankha njirayi adziwiretu kuti walowa m'banja lofuna ndalama ya kukonza chaka ndi chaka. Pomwe pali gulu la akatswiri olipidwa, monga zilili ndi kaundula wa odwala wa dziko lonse, zimenezi n'zotheka. Pomwe pali mnyamata mmodzi wolipidwa kamodzi n'kutsanzikana, n'zokayikitsa.

Mafunso asanu musanasaine

Wogula pulogalamu safunika kudziwa kulemba mzere ndi umodzi womwe. Safunsa anadya phula, choncho pali mafunso omwe aliyense angafunse.

Loyamba: kodi pulogalamuyi ijambula chiyani? Ngati ntchito yake ndi mafomu, matebulo ndi malisiti, monga kaundula wa fizi kapena wa mamembala a banki m'khonde, zida zakale zomwe zikusamalidwabe n'zokwanira, ndipo kawirikawiri ndizo zachangu pa makina ofooka. Ngati ndi mapu osuntha, zithunzi zachipatala, kanema kapena galasi logunda ndi chala, zida zatsopano zili ndi chifukwa chomveka chokhalirapo.

Lachiwiri: kodi iyenda pa kompyuta yofooka kuposa zonse zomwe tili nazo? Yankho la pakamwa silikwanira. Iikidwe pa makinawo, intaneti ithimitsidwe, ndipo aone ndi maso.

Lachitatu: kodi bokosi la zida limeneli akulisamala ndani, ndipo walonjeza kufikira liti? Eni zida zodalirika amalengeza poyera masiku amenewa. Afunsidwenso ngati pali chiphaso cholipira chaka ndi chaka, chifukwa malipiro otere amakhala a madola.

Lachinayi: wolembayu atachoka, ndani wina m'dziko muno angaikonze? Pamgwirizano palembedwe kuti malemba enieni a pulogalamu, omwe akatswiri amawatcha source code, atsala m'manja mwa ofesi.

Lachisanu, lomwe ndi lalikulu pa onse: kodi kaundula ali padera ndi nkhope? Kodi tingatulutse maina ndi manambala athu onse m'njira yoti pulogalamu ina iwawerenge? Nkhope iliyonse idzakalamba, kaya ndi ya 1998 kapena ya chaka chino. Chomwe chinathandiza kaundula wa odwala kudutsa m'manja osiyanasiyana n'chakuti anamangidwa modziwa kuti tsikulo lidzafika.

Kwa omwe ali kale ndi pulogalamu yakale yomwe ikugwira ntchito, kuthamanga sikufika. Kusamuka kukhale ndi chifukwa chotchulika: chida chasiyidwa, makina atsopano akuikana, kapena ntchito yakula. Ndipo mukayamba, malizani. Ofesi yomwe theka la antchito likulemba mu pulogalamu yakale, theka lina mu yatsopano, imakhala ndi akaundula awiri osagwirizana. Paja mapanga awiri avumbwitsa.

Nkhani ya ndalama siingasiyidwe. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa kwa masiku 90 thandizo lake la kunja kuti liliunikenso, ndipo maiko omwe ntchito zawo za zaumoyo zimadalira thumba la PEPFAR, kuphatikizapo Malawi, anakumbutsidwa kuti thandizo lili ndi malire. Chipatala cha pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka, lero chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Umu ndi momwe ntchito zambiri zoyamba ndi mabungwe zimathera: tsiku lina zimatsalira eni dziko, ndi makina omwe alipo, amisiri omwe alipo ndi ndalama yomwe ilipo. Zida zoyenera ndi zomwe zingapirire tsiku limenelo.

Choncho wogulitsa pulogalamu akabwera ndi zithunzi zokongola, mulandireni bwino, kenaka mupite naye komwe ntchito ikagwiridwe, kaya ndi pa boma, kwa Chiyendausiku kapena m'mudzi wa kutali ndi tala. Pulogalamuyo iikidwe pa kompyuta yakale ija, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo pampando pakhale mlembi wamkulu pa onse, magalasi ake ali pamphuno. Akalembetsa anthu 10 popanda kuitana munthu woti amuthandize, mutha kutenga cholembera.